Chiponde cha Alendo

Kagoshima, Japan
6 Juni 2004

Okondedwa achemwali a Lurdes,

Moseliwa? Ndayamba ndi moni wa kwathu chifukwa wa kuno wanditopetsa khosi, munthu amawerama ngati wataya singano. Muli bwanji inu, alamu anga a Benjamin, ndi mwana wanu Sabina? Ine ndili bwino ndipo sukulu ikuyenda, kungoti mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo.

Khalani pansi kaye, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yomvera choimirira. Mukukumbukira chiponde chija munandisinjira cha kamba pamene ndinkanyamuka? Ndakhala ndikuchidya pang'onopang'ono ngati munthu wosunga mbewu. Ndiye pali mayi ena, a Kuroda, amene amatiphunzitsa Chijapani ife alendo Loweruka lililonse. Ntchito yawo yeniyeni ndi sitolo. Amagulitsa zakudya zochokera kumaiko akutali, zopangidwa ndi manja a alimi ang'onoang'ono. Sabata yatha anandipeza ndikupaka chiponde pa buledi, napempha kulawa. Achemwali, mayi aja anatseka maso! Atatsegula anafunsa kuti muli chiyani. Ndinati mtedza ndi mchere basi, wosinja mumtondo ndi mlongo wanga. Anapempha supuni yachiwiri.

Tsopano akufuna chiponde chanu chizigulitsidwa m'sitolo mwawo. Mukumva? Chiponde cha pa Muloza, m'sitolo ya ku Japan! Koma dziko lino silitsegulira chakudya khomo chifukwa cha kukoma kokha. Poyamba mutumize mabotolo atatu oti akapimidwe ku labotale. Akapezeka abwino, mayi Kuroda adzayamba kuitanitsa. Ayenera kudziwa mwezi wa Novembala usanathe, chifukwa ndi pamene amasankha zodzagulitsa chaka chamawa.

Mdani wathu wamkulu ndi chuku, ndipo mundilole ndifotokoze bwino. Chuku ndi nkhungu ija imamera pa mtedza wosauma mokwanira. Imasiya poizoni wosaoneka ndi maso, amene safa ngakhale mukazinge mpaka mtedza upserere, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Kuno amamuopa kwambiri. Choncho gulani mtedza wa chaka chino, wokhala ndi makoko ake. Poswa musawaze madzi pa makoko kuti afewe, ngakhale zala zipweteke. Mukaswa sankhani umodziumodzi. Wofota, wobooka, wakuda ndi wosweka muchotse, ndipo wochotsawo musapatse ana. Mabotolo akhale agalasi, owiritsa, ouma bwino.

Mundiyankhe msanga, mundiuzenso za kumudzi. Kodi chiperoni chayamba? Kuno kukutentha ngati ku Nsanje.

Ndine mlongo wanu,
Dominiko

*

Muloza, Mulanje
1 Julayi 2004

Iwe Dominiko,

Tili bwino tonse, kaya iwe ndi mpunga wakowo. Chiperoni chatikwana, phiri sitikuliona, Sabina akutsokomola pang'ono koma kusukulu akupita. Kalata yako ndaiwerenga mpaka pepala lafewa.

Koma choyamba ndikukalipire. Iwe mwana, unaleredwa kuti? Mlendo, mayi wamkulu wokhala ndi sitolo, n'kumupatsa chiponde cha m'botolo limene wakhala ukupisamo supuni yako miyezi yonseyi? Chija ndinasinja mothamanga, mafuta ali pamwamba, timibulu tili pansi. Amayi akanakhala moyo akanakukoka khutu. Waiwala? Ngakhale nthawi ija tili ku kampu ya othawa nkhondo, tilibe kanthu, mlendo akabwera amayi ankabisa mbale zathu zosweka milomo n'kukabwereka yoyera kwa anzawo. Mlendo sadya cha masiku onse. Mayi Kuroda akowo anatseka maso chifukwa cha ulemu, kuti asaone umphawi wako.

Nditamaliza kukwiya ndinavina, moti alamu ako anaganiza kuti ndalumidwa ndi linthumbu. Ukudziwa kuti msana wanga ndi dengu la tiyi zinadana. Chaka chatha ndinkabwera ku esiteti chokwawa, zala zong'ambika, zovala zonyowa kuyambira m'mawa. Mvula ikangogwa akapitawo ayambanso kulemba mayina a othyola tiyi. Za mayi Kurodazi zikatheka, dzina langa sadzalionanso. Dengu ndalipachika kudenga la khitchini, ndaliuza kuti litsale bwino.

Mtedza tasankha ine ndi Sabina monga unanenera, umodziumodzi, mpaka maso kuchita chidima. Wochotsawo alamu ako anayamba kuubwira, ndinawalanda n'kukautaya kudzala. Akuti sukulu yakoyo yabweretsa njala pakhomo.

Ndachitanso kanthu kena kapadera, ka alendo. Sindikuuza, ukamva wekha pakamwa. Ukatsegula udziwa kuti mlongo wako amadziwa kulandira anthu. Mabotolo anyamuka dzulo ndi asisitere a kuparishi amene akupita ku Blantyre, akawatumiza pa ndege.

Uzidya mokwanira, usabwere kuno uli ngati bango.

Ndine mlongo wako,
Lurdes

*

Kagoshima
2 Ogasiti 2004

Okondedwa achemwali,

Moni kwa nonse. Chidzudzulo ndachilandira ndi manja awiri, khutu langa likupweteka mpaka kuno. Mabotolo afika onse, palibe losweka!

Ndinatsegula limodzi nthawi yomweyo. Achemwali, munasinja bwanji kuti chisalale chonchi? Chikunyezimira, chikupakika ngati majarini. Ndikukhulupirira kuti mikono yanu idakali yotupa. Kanthu kapadera kaja ndi kameneka eti? Mayi Kuroda alawa, ati n'chokongola kwambiri. Maso sanatseke ulendo uno, mwina anali ndi zambiri m'mutu. Mabotolo awiri apita kale ku labotale.

Dzulo anatitengera ku minda ya tiyi, poti dera lino amalimanso tiyi wambiri. Sindinaone munthu ndi mmodzi yemwe wobereka dengu. Makina amayenda pamwamba pa mizere, woyendetsa atakhala pampando ndi chipewa chake. Ndinaimirira pamenepo ndikuganiza za msana wanu. Dengu lija likhale kudenga komweko.

Ndine mlongo wanu,
Dominiko

*

Kagoshima
20 Ogasiti 2004

Achemwali,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, basi ikundidikira, tikupita kukaphunzira ku mafakitale kwa masabata angapo.

Zotsatira zabwera. Chuku sanamupeze. Koma apeza chinthu china chimene malamulo a kuno salola m'chakudya, moti mabotolo aja akanidwa. Musasinjenso china. Mundilembere zonse zimene munaikamo, musabise kanthu ngakhale kakang'ono. Mundiuzenso za ziwiya zimene munagwiritsa ntchito, ngati zinali zotsuka komanso zinasungapo chiyani kale. Ndidzafotokoza bwino ndikabwerako.

Dominiko

*

Muloza
9 Sepitembala 2004

Kwa a Dominiko, ophunzira,

Tili moyo. Tikukhulupirira kuti inunso muli bwino kumafakitale kwanuko.

Kalata yanu yafika. Mwati ndisabise kanthu. Ine ndinakubisiranipo chiyani inu? Ine amene ndinakuberekani kumbuyo kuchoka ku Milange, kuwoloka mtsinje mfuti zikulira, miyendo yanu ikukwekwereza m'madzi? Lero mukundifunsa ngati ziwiya zanga zinali zotsuka. Mwadyera m'ziwiya zimenezo mpaka mwafika ku Japan, simunatsekule m'mimba tsiku ndi limodzi lomwe.

Poti mwafunsa, imvani. Ndinaikamo mtedza wosankha. Ndinaikamo mchere. Ndinaikamo mafuta ophikira, kuti chisalale ngati cha m'masitolo a ku Blantyre, alendo asaseke. Osati mafuta a pamsika aja oyeza m'timapepala tapulasitiki, ayi. Ndinawoloka malire ndekha wapansi, ndinakalowa m'sitolo yaikulu ija ya ku Milange, ya matailosi pansi, imene ndimangoidutsa. Ndinagula botolo lomata, lochokera kunja, lowala ngati uchi, mafuta oti ife eni ake sitinalawepo. Nkhuku yanga yakuda, yoikira ija, inapita chifukwa cha botolo limenelo. Kanthu kapadera kaja n'kameneko. Ngati mafuta a m'sitolo ndi poizoni, bwanji mabwana a ku Milange sanathe kufa?

Chimene chikundiwawa n'chakuti pakamwa panga sipanasunge. Azimayi a kumpingo ndinawauza kale, ndipo ena ndinawalonjeza kuti tidzasinjira limodzi. Tsopano ndikamadutsa pa mjigo ndimamva, "Mayi Japan, ndege ibwera liti?"

Musavutike nane. Dengu ndalitsitsa, ndasokanso lamba wake. Tiyi sanandifunsepo ngati manja anga ndi otsuka.

Lurdes

*

Kagoshima
27 Sepitembala 2004

Achemwali anga okondedwa, amene munandibereka kumbuyo,

Moni kwa inu, alamu ndi Sabina. Ndagwada. Kalata ija ndinailemba nditaimirira, chikwama chili paphewa, ndipo yakulumani pamene ine ndinalibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Ukhondo wanu sindinaukayikepo. Ndinafunsa za ziwiya chifukwa ndinkasaka njira imene chinthucho chinalowera. Tsopano mwandionetsa njirayo, ndipo ndikusangalala moti ndikulephera kukhala pampando, chifukwa vuto lake ndi laling'ono. Ndiloleni ndifotokoze mofatsa.

Mafuta amakalamba. Mpweya ukamawakhudza amayamba fungo lija mumalimva m'mandasi ogonetsa, ndiponso amakanda pakhosi. Opanga mafuta a m'mabotolo amadziwa kuti katundu wawo ayenda panyanja, akakhalanso pa shelefu miyezi yambiri. Choncho amathiramo tizinthu topangidwa kufakitale toteteza mafutawo ku mpweya. Zili ngati phulusa lija amayi ankasakaniza ndi nyemba kuti zisafumbwe. Tizinthu timeneti tilipo tingapo, ndipo mayina ake ndi aatali moti ngakhale aphunzitsi athu amangotchula zilembo: BHA, BHT, TBHQ. Amene wapezeka m'chiponde chanu ndi TBHQ. Simunamuikemo inu, anabwera atakwera m'mafuta aja.

Nanga ndi poizoni? Mabwana a ku Milange sakufa, mwanena zoona. Nkhani ili pa mulingo, komanso pa malamulo, poti dziko lililonse lili ndi mndandanda wake wa zololedwa kuthira m'zakudya. Ku America ndi kumaiko ena ambiri TBHQ ndi wololedwa, bola asapitirire mulingo, pafupifupi supuni imodzi yaing'ono m'chigubu chonse cha malita makumi awiri. Ku Ulaya akadakambirana ngati amulole. Kuno ku Japan BHA ndi BHT amaloledwa m'zakudya zina zowerengeka, koma TBHQ sanalembedwe pa mndandanda, ndipo lamulo la kuno limati chimene sichinalembedwe sichilowa, ngakhale chichepe bwanji. Inu mumakhala pa malire, mumaziona. Munthu wabwinobwino, wosamba, wovala tayi, amabwezedwa pa chipata chifukwa alibe chiphaso. Si kuti ndi wakuba. Mafuta anu aja alibe chiphaso cha dziko lino, basi.

Ine ndinadzaza pepala ndi nkhani ya chuku, za mafuta osatchula, chifukwa m'nyumba ya amayi palibe anathirapo mafuta m'chiponde. Sindinaganize za mbale yoyera ija.

Mayi Kuroda ndawauza zonse: za ulendo wa ku Milange, za sitolo ya matailosi, za nkhuku yakuda. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenaka anaseka mpaka misozi, nati mayi awo anali ndi makapu a alendo amene anakhala m'kabati mpaka mwini wake kumwalira, ana osawakhudzapo. Ndiye anati, "Mukawauze achemwali anu kuti ndathokoza ulemu wawo. Koma ine ndikufuna chija anasinjira mlongo wawo, osati cha mlendo." Achemwali, atipatsa mwayi wina! Nthawi ndi yomwe ija, Novembala asanathe.

Choncho mtedza ndi mchere basi, timibulu tikhale pomwepo, mafuta ake ayandame mmene afunira. Koma musasinjire mumtondo womwe uja, chifukwa mtengo umamwa mafuta. Mwina ndikuwonjeza mantha, koma makina a kuno amanunkhiza kuposa galu. Mtondo wa amayi uja suli kwa amayi aang'ono a Alefa ku Milonde? Kabwerekeni umenewo ndi munsi wake womwe. Mabotolo mudzaze mpaka pakamwa kuti mpweya usowe pokhala, mutseke zolimba, musawaike padzuwa.

Mtsogolo, katundu akamadzayenda pa sitima, tidzaganiza zotetezera zimene kuno amalola. Pali vitamini E, palinso zina zimene amazitulutsa m'masamba a tiyi wobiriwira. Tangoganizani, tiyi yemwe wakupindani msanayo! Koma zimenezo n'za kufakitale, tidzakambirana.

Za pa mjigo zisakusowetseni mtendere. Dzina limenelo lisungeni, mudzalifuna.

Ndine mlongo wanu, wa miyendo yokwekwereza m'madzi,
Dominiko

*

Muloza
18 Okotobala 2004

Alamu, bwana dokotala wa chiponde,

Ndine Benjamin. Tili bwino, kaya inu ndi anzanu owerama. Achemwali anu akuti manja awo ali ndi ntchito, sangagwire cholembera, koma zoona zake n'zakuti kamkwiyo kadakalipo ngati khala la m'phulusa. Kalata yanu anakaiwerengera kuseri kwa nyumba. Anabwerako maso ali psuu, nati ndi utsi. Moto kunalibe, alamu.

Botolo la mafuta lija Sabina amatengera madzi kusukulu. Tinaliitanitsa. Kumbuyo kwake kuli tizilembo ta Chipwitikizi tating'ono ngati nyerere, ndipo anzanu anayi aja alipodi, T, B, H ndi Q, atandondozana bwinobwino. Achemwali anu anawaloza ndi chala nati, "Ndiye ndinu amene munadya nkhuku yanga."

Tsopano za mtondo. Ine pa kabaza ndanyamulapo zambiri: matumba a chimanga, mbuzi, azimayi oyembekezera, ngakhale bokosi la maliro lopanda mwini. Koma mtondo wa apongozi anga wandionetsa zakuda. Nditafika ku Milonde amayi aang'ono a Alefa anati, "Mtondo wa akulu anga sungayende wokha ngati katundu wakuba. Kumene ukupita ndipita." Ndinati, "Mayi, njinga ndi imodzi." Anati, "Miyendo muli nayo iwiri, mkamwini." Mapeto ake ndinayenda kawiri. Ulendo woyamba ndinamanga mtondo pa keriyala, nditaufunditsa chitenje monga analamulira. Anyamata a pa siteji anayamba, "A Benja, pasenjala wanu sakupereka moni bwanji?" Ndinati, "Musiyeni, ndi wa ku Japan uyu, Chichewa samva." Ulendo wachiwiri ndinanyamula mayiwo atagwira munsi choimika, moti magalimoto ankatipatukira.

Asinja awiriwiri, mayi ndi mwana, akuimba nyimbo za Chilomwe zimene ine ndimangomva dzina langa mkati mwake. Chatuluka chija cha kale, chamibulu, fungo lake mpaka kumsewu.

Nkhani ya tiyi ija ine ndinaimvetsa kuposa onse. Ndinati fakitale ya chiyani, tiyi ali pakhomo pompano? Ndinathyola masamba, ndinayanika, ndinafikisa, ndinasakaniza ndi kachiponde pang'ono m'kambale. Alamu, chinatuluka chamtundu wa ndowe, chowawa ngati kwinini. Galu ananunkhiza n'kundiyang'ana mwachisoni. Achemwali anu anandithamangitsa ndi munsi mpaka pa mjigo, azimayi aja anapeza nkhani yatsopano. Musadandaule, m'mabotolo anuwo mulibe sayansi yanga.

Mabotolo anyamuka Lachinayi ndi asisitere omwe aja. Koma fulumirani, alamu. Mitambo yayamba kusonkhana paphiri ndipo akapitawo ayamba kuzungulira m'midzi. Mayi a Sabina akuti adikira mpaka Novembala athe, kukakhala zii akalembetsa. Ine sindikufuna kuwaonanso akubwera chokwawa.

Pobwera mudzanditengere belu la njinga la kumeneko, lolira Chijapani. Obrigado, zikomo kwambiri.

Mlamu wanu,
Benjamin

*

Kagoshima
24 Novembala 2004

Achemwali! Alamu! Sabina! Amayi aang'ono!

Chadutsa! Chadutsa! Moni ndipereka pambuyo. Mabotolo anachedwa panjira mpaka ndinaonda, koma zotsatira zabwera lero. Chuku mulibe, TBHQ mulibe. Mayi Kuroda anatsegula botolo lotsala, anavundula mafuta a pamwamba aja ndi supuni, analawa, natseka maso. Ulendo uno ndinawayang'anitsitsa. Sunali ulemu.

Akufuna makatoni oyamba chaka chamawa, ndipo akagulidwa bwino azidzaitanitsa pafupipafupi. Si kuti mwalemera, ndipo ntchito idakalipo. Pafunika kanyumba kakekake kosinjiramo, komanso mapepala a kubungwe loona za miyezo ku Blantyre, zimene ndifotokoza m'kalata yotsatira, yaitali, yolemba nditakhala pansi. Koma ndi ntchito yokwana inu ndi azimayi ena angapo.

Musalembetse dzina! Alamu, belu ndagula, koma tiyi mumusiye.

Moni kwa nonse.
Dominiko

*

Muloza
20 Disembala 2004

Iwe Dominiko,

Tili bwino, tili bwino kwambiri, kaya iwe. Kalata yako inayenda ngati nkhono. Novembala anatha kuli zii, mvula inagwa, tiyi anaphukira, ine ndinakalembetsa. Ndinati Japan wandikana kachiwiri, mwana uja akuopa kundiuza.

Ndiye Lachiwiri lapitali ndili pakati pa munda, dengu kumsana, mvula ikuwaza, ndinangomva, "Mayi a Sabina! Mayi a Sabina!" Kuyang'ana, alamu ako akutsika ndi njinga m'kanjira ka thirakitala, dzanja limodzi lili m'mwamba ndi envelopu, matope mpaka m'makutu. Anali ataitsegula kale, wakuba uja. Akapitawo anakuwa, "Bambo inu, muno si mu msewu!" Iwo anati, "Pepani bwana, ndabwera kudzatenga Mayi Japan."

Ndinawerenga mawu oyamba okha, ena aja misozi ndi mvula zinandiphimba. Anesi, yemwe uja anayambitsa dzina pa mjigo, anali mzere woyandikana nane. Analanda pepala, anawerenga mokweza, ndipo ndi iyeyo anayamba nthungululu. Munda wonse unalandira. Akapitawo anangogwira m'chiuno.

Mzere wanga ndinamaliza, sindisiya ntchito pakati. Ndinakayezetsa pa sikelo, ndinatsanzika akapitawo mwaulemu, ndinakwera njinga dengu lili chopanda kanthu. Pofika kunyumba ndinaikamo udzu n'kuliika pakona ya khitchini. Amayi aang'ono anandibweretsera kamsoti kuchokera ku Milonde, kakuda ngati nkhuku yanga ija, ndipo kalowamo kale. Sindikatulutsa.

Mtondo amayi aang'onowo akuti ukhale konkuno, koma iwonso akhala konkuno kuti aziuyang'anira. Alamu ako ayamba kuonda.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunadzaza anthu pakhomo: azimayi a kumpingo, asisitere aja anatinyamulira mabotolo, ngakhale abambo mfumu anapatuka. Ndinaphika chinangwa, ndinatulutsa chiponde m'mbale yathu yakale ija, chamibulu, mafuta ali yandayanda pamwamba. Amayi aang'ono anandikokera pambali n'kundinong'oneza, "Iwe Lurdes, wapenga? Abambo mfumu uwapatsa cha masiku onse?"

Ndinati, "Mayi, asiyeni alawe. N'chimene amadya ku Japan."

Ndine mlongo wako,
Lurdes